Mbuzi ya Khirisimasi ya Mayi a Dauda

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, ndinali pakhonde la mzikiti wathu ku Ulongwe ndi Shehe Amidu Ndembo, titangomaliza kuswali, pamene anatulukira bambo Dauda Mpinganjira. Munthuyu anali ndi zaka zitatu chiloŵereni Chisilamu, koma changu chake, abale, chinkatichititsa manyazi ife obadwiramo. Shehe anamulozera mkeka, iye osakhala. Ankangozungulira, kuvula chisoti, kuvalanso.

"Shehe, mundikhululukire, mtima wanga suli m'malo," anatero Dauda. "Mayi anga ndi a Mvano kutchalitchi kwawo. Agula mbuzi ya Khirisimasi, ndipo atumiza mawu akuti ndikazinge ndine, apo ayi iwo sadya. Chisinthireni chipembedzo sindinadyepo pakhomo pawo."

"Nanga mwawayankha zotani, bambo?"

"Ndikufuna kukana! Tsikuli mizu yake ndi yachikhristu. Mpunga, nyimbo, zovala zatsopano, zonsezo n'zokondwerera kubadwa kwa amene iwo amati Mwana wa Mulungu. Ine ndikaikepo mpeni wanga?"

Ndisaname, ine mwalimu wathunthu ndinagwedeza mutu kuvomereza. Shehe sanapupulume.

"Mwanena zoona, tsikuli ndi lawo, ndipo kutchalitchi sindikutumizani. Koma ine sindidziŵa zambiri, mundithandize. Pakhomopo palibe mwamuna wina wotha kugwira mpeni?"

"Alipo, achimwene anga aŵiri."

"Ndiye mayi akufuniranji inuyo?"

Dauda anapita mpaka kumapeto kwa khonde, n'kubwerera.

"Akuti nyamayo ikhale yozinga, kuti nanenso ndidye."

"Pozingapo mudzatchula dzina la yani?"

"La Allah, Shehe."

"Mayi akudziŵa zimenezo?"

"Akudziŵa. Mpaka afunsa kuti mbuziyo tikaigoneka iyang'ane mbali iti, kuti asesepo."

Ine manyazi anandigwira, ndinangoŵerama. Shehe anayankha motsitsa mawu.

"Bambo Dauda, mayi asunga chikhulupiriro chawo pa tsiku lawo, akusesereraninso malo oti musungirepo chanu. Nyimbo zawo asiyireni aimbe okha. Koma mukuopa kutaya chipembedzo pakhomo pomwe akukuitanirani kuti mukanene Bismillah? Kanoleni mpeni, bambo. Mbuzi idzapezeka ina chaka chamawa, koma za mayi sitikudziŵa."