Lamba wa Ndaziona

"Lamba uyu usadzamasule pokhapokha moyo uli pachiswe. Ndipo ulusi wam'katimu usadzaukhudze. Wamva?"

Anatero Bambo Sikelo pomumanga lambayo mwana wawo Ndaziona m'chiuno. Khalani chete inu, makamaka iwe ukuseka uko, nkhaniyi ndi yako.

Bambo Sikelo anali msilikali wopuma ntchito, ndipo ankaluka zibangili, malamba ndi zokolekera chikwanje paphewa pogwiritsa ntchito chingwe cha palachuti, chiambulera chija asilikali amatsikira nacho kuchokera m'ndege. Chingwe chimenechi kunja chili ndi khungu lobiriwira, koma mphamvu yake yonse ili mu timaulusi toyera tisanu ndi tiwiri tam'kati. Lamba mmodzi ukamumasula amatuluka chingwe chachitali choti n'kukokera munthu m'madzi. Mtsinje ndiwo unkawasowetsa mtendere bambowa, chifukwa Ndaziona ndi mng'ono wake Mwaiwawo ankawoloka tsiku ndi tsiku kukapirikitsa mbalame kumunda wa mpunga.

Koma Ndaziona anali nkhutukumve, ndipo ine ana otere amandinyansa. Anali ndi mikanda yosowa ulusi wolimba. Tsiku lina anabisala kuseri kwa nkhokwe, namasula lamba uja, nasolola kaulusi kamodzi kotungira mikanda ija, n'kulukanso lambayo bwinobwino. Manja anali nawo, nzeru ndiye ayi. Anzake ataona mkanda m'khosi anayamba kumunyengerera, iye n'kumangosolola, lero kamodzi, mawa kena, mpaka munatsala khungu lokhalokha.

"Lamba uja ali bwino?" ankafunsa bambo ake.

"Ali bwino, ababa."

"Ulusi sunaukhudze?"

"Sindinaukhudze, ababa."

Tsiku lina masana mvula inagwa kumapiri, kwawoko dzuwa likuswa mtengo. Anawo ali pakati pa mtsinje, madzi anabwera ofiira, atasenza zitsa ndi mapesi. Anathawira pathanthwe lina la pakati pa mtsinjepo. Madzi anakwera, nakweranso, mpaka anayamba kuwanyambita zala zakumapazi. Bambo Sikelo anafika pagombe ali wefuwefu, chimanjamanja, poti anachokera kumaliro. Ndi iwo amene anayamba kuona chipika china chikubwera mosemphana ndi madzi. Chipika sichikwera mtsinje, ana inu. Inali ng'ona.

"Masula lamba!" anakuwa. "Mwaiwawo ummange m'khwapa, mbali inayo umange mwala undiponyere."

Ndaziona anamasula lamba uja, nachita monga anauzidwa. Chingwe chinali chopepuka, chaphwatalala. Mwala unagwera pamapazi pa bambo ake, iwo nakulunga chingwecho kudzanja. Anachimva kupepuka, nakayika.

"Ndaziona, ndiuze zoona. Chingwechi chili bwino?"

Apa ndiye pamene pamandiwawa mtima. Akanangoti ndinachotsa ulusi, bambo ake akanawauza kuti akwere pansonga pa thanthwe adikire bwato, poti anthu anali atathamangira kale kukalitenga. Koma mtsikanayo anaopa mkwapulo.

"Chili bwino, ababa."

Mwaiwawo anagwira chitenje cha mkulu wake. "Achemwali, ndikuopa."

"Lowa, ababa akukoka."

Kamwanako kanalowa. Bambo anakoka, madzi nawo anakoka. Chingwe chinatamuka, chinang'ung'udza ngati waya, chinaonda, chinaondanso, kenaka chinaduka. Bambo Sikelo anagwa chagada m'matope. Podzuka anangoona kadzanja kali m'mwamba, ndi mchira wa ng'ona ukumenya madzi kamodzi. Anadziponya mumtsinje, koma anthu anawavuula patsogolo atamwa madzi, m'manja mulibe kanthu.

Bwato linafika, ndipo linamupeza Ndaziona ali wouma bwinobwino pansonga pa thanthwe. Atatsika, bambo ake anali atakhala pansi, akufinya chidutswa cha chingwe ndi zala. Sanammenye. Ndikuti bola akanammenya. Anangoti, "Amayi ako ali kunyumba, akudikira ana awiri. Pita ukawauze wekha."

Anapita yekha, anthu akumupatukira m'njira. Amayi ake atamuona anamwetulira, nasuzumira kumbuyo kwake, n'kufunsa kuti, "Nanga mwana wamusiya kuti?"

Ndiye mumve, nonsenu. Chimene wamkulu wati musakhudze, chisiyeni, ngakhale chikuoneka ngati kaulusi chabe. Ndipo mukalakwa, nenani pomwe mwafunsidwa. Mkwapulo umapola mawa lake. Ndaziona pano ndi mayi wa imvi, koma funso la amayi ake lija sanaliyankhebe.