Bondo la Fiskani

M'nyumba ya lendi ku Syokimau, kufupi ndi bwalo la ndege la ku Nairobi, Modesta ankasita jezi ya mwamuna wake, ndege zikulindima pamwamba pa denga monga mwa masiku onse. Mwamunayo, Fiskani, anali womwetsa zigoli wa timu ina ya mu ligi ya ku Kenya. Anachoka ku Mzuzu ali kamnyamata, n'kuzungulira matimu a m'maiko a eni mpaka miyendo kuyamba kulemera. Tsopano kontrakiti yake inali kutha, ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo chinkathera pomwepo. Kochi anali atamuuza mosapsatira kuti akaonetsa zakupsa pa masewero a Lamulungu, amusainanso.

Ndiye Lachisanu kunabwera foni ya a Lawson, bwana wa ku Runda, dera la anthu olemera, wapampando wa Amalawi okhala mu Nairobi. Loweruka kunali mpira wachisangalalo wokumbukira ufulu wa dziko, Amalawi kulimbana ndi anzawo a ku Zambia.

"Achimwene, chaka chatha anthu aja anatisambitsa chokweza," anatero a Lawson. "Inu mulipo, ife tizinyozeka? Mungobwera mudzagwedeze ukonde kamodzi, basi."

Fiskani anavomera foni isanathe n'komwe. Musamuweruze msanga. Zaka zonsezi munthuyu ankamwetsa zigoli pamaso pa anthu olephera ngakhale kutchula bwino dzina lake. Mtima wake unkalakalaka kumva nthungululu za kwawo.

Modesta anaika simbi pansi. "Bambo a Sungeni, paja kontrakiti yanu imaletsa mpira wapadera. Miyendo imeneyo ndiyo khasu lathu kuno. Mukabwereketsa khasu mawa, mkuja mukalima ndi chiyani?"

"Iwe, ndikasewera ndi madoda a mimba, anthu a m'maofesi. Andigwira ndani? Loweruka ndikasangalatsa abale, Lamulungu ndikasangalatsa kochi. Zonse ndi zanga."

"Chabwino. Pakamwa panga ndatsukapo."

Bwalo lake linali la sukulu ina cha ku Hurlingham, lokumbikakumbika ngati munda wa mbatata. Koma abale, kunakoma! Fiskani atamwetsa chigoli choyamba, azimayi anavula zitenje n'kumazikupiza m'mwamba, dzina lake likuimbidwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Apo mpomwe akanatulukira. Koma kutamandidwa kumaledzeretsa kuposa kachasu. Anamwetsa chachiwiri, n'kuyamba kufuna chachitatu.

Kumbuyo kwa a ku Zambia kunali bambo wina wojintcha, wosadziwa n'komwe kutchinga mpira. Sanachite dala, mwendo unangomuchedwera. Anagwera pa bondo la Fiskani ndi thupi lonse, ndipo bondolo linalira kuti thyo.

Lamulungu, anzake akulowa m'bwalo, iye anali gone m'chipatala. Akanatha kunama kuti waterereka kubafa, koma abale omwewo anali atamwaza kale makanema a zigoli zake pa mafoni, monyadira. Kochi anabwera Lolemba, nkhope ili gwa.

"Pole sana," anapepesa m'Chiswahili, ataima chapakhomo. Anafotokoza kuti popeza wavulalira kunja kwa ntchito, timu siikhudzidwa, ndipo za kontrakiti aiwale. Malo a osewera akunja ndi ochepa, ake anali atapatsa kale mnyamata wa ku Uganda.

A Lawson anabwera kamodzi ndi jumbo la malalanje, n'kulonjeza kuti akambirana ndi komiti. Kuyambira tsikulo foni yawo inkangoitana. Dokotala naye sanabise mawu: kuyenda adzayenda, koma mpira wa ligi watha.

Zinali zomvetsa chisoni tsiku lonyamuka kubwerera kwawo. Mwana wawo Sungeni anamuchotsa sukulu pakati pa teremu, mipando anagulitsa motchipa kwa aneba. Pokwerera basi ya ku malire, pa khamu lonse lija panalibe ndi mmodzi yemwe wodzawaperekeza. Modesta ndiye ankakweza zikwama, mwamuna wake atatsamira ndodo zachipatala.

"Mayi a Sungeni, bwanji osandikalipira? Mwina mtima ungapepuke."

"Ndikukalipireni chiyani, bambo? Kwezani mwendowo, basi ikunyamuka."

Fiskani anakhala pampando, bondo lili tantha mu kanjira, misozi ikutsika osaipukuta. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.