Dzina Lothamanga

Panali mayi wina wachitsikana, dzina lake Mwandida, amene ankakonza makanema m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya mafoni pamsika. Azinkhoswe, amaukwati ndi amakwaya onse ankapita kwa iye, chifukwa m'makanema ake mayina sankangoima njo ngati chikwangwani cha pamsewu. Ankalowa akuvina, kunyezimira pang'ono, kenaka n'kumwazikana.

Luso lake lonse linali pa matempuleti. Tempuleti ndi chikombole basi, monga cha njerwa. Wina kutali uko anakonza kale mayendedwe a zilembo, iwe umangofufuta mawu alipowo n'kulembapo ako. Mwandida anali wachangu pa ntchitoyi, ndipo kudzitama ankadzitama ndithu. Koma m'kati mwa chikombolemo, momwe mumakhala zoyendetsa zilembozo, anali asanasuzumiremo. Asuzumirenji, anthu akuomba m'manja kale?

Tsiku lina kunabwera mkulu wina, a Chagunda, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Akazi awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo ana awo anali atakonza zomanga chiliza. Anawo anatumiza zithunzi za mayi awo pafoni kuti pakhale kanema woonetsa abale tsiku la mwambo. Mwandida anasankha tempuleti yofatsa, ya zilembo zoyera, n'kulembamo dzina limene anamutumizira: Enelesi Gama. Atamaliza, anawakokera mpando mkuluyo kuti aone.

Dzina linatulukira pansi pa chithunzi, linawala, n'kusungunuka. A Chagunda anapempha kuti abweze. Anabweza. Anapemphanso. Mwandida anamwetulira, poganiza kuti madala agoma ndi ntchito yake. Koma atawayang'ana kumaso anaona milomo yawo ikuyenda, chala chikulondola zilembo m'malere. Mkuluyu kuwerenga anaphunzira atakula, ku sukulu ya kwacha, ndipo ankawerenga ngati munthu wowoloka mtsinje poponda miyala. Akamafika pakati pa dzina, dzinalo linali litapita.

"Mwanawe," anafunsa motsitsa mawu, "kodi akuthamangira kuti?"

Mwandida anawafotokozera kuti ndi mmene chinthucho chinapangidwira, dzina limabwera n'kupita, ndipo makanema a anthu onse amakhala choncho. A Chagunda anagwedeza mutu, osatsutsa. Patapita kanthawi anayamba kulankhula, maso ali pa chithunzi.

Anati pa zaka zonse za ukwati wawo sanawaitanepo akazi awo ndi dzina limeneli. Ankati Anagama, monga ulemu umafunira. Dzina laubatizo linali la abusa ndi la akuchipatala. Koma mayiwo ali chigonere m'wodi, tsiku lina anawaseka kuti, kodi bambo inu dzina langa mumalidziwa n'komwe? Tanditchulani ndimve. A Chagunda anachita manyazi ndi odwala ena, nalonjeza kuti atchula mawa. M'mawa mwake anatuluka kukawagulira nthochi pageti. Pobwera anapeza anamwino atatchinga bedi ndi makatani.

"Tsiku lija anapita ndisanayambe," anatero mkuluyo. "Lero akupita ndisanamalize."

Chisoni chinamugwira Mwandida, ndi manyazi omwe. Anatembenukira ku kompyuta n'kutsegula m'kati mwa tempuletiyo, koyamba chiyambire ntchito. Anapezamo timizere tambiri: kena kolowetsa dzina, kena koliimika, kena kolichotsa. Kolichotsako anakafufuta. Koliimikako anakakoka mpaka kumapeto kwa kanema. Kenaka anayamba kuchedwetsa kalowedwe, kuti zilembo zizibwera pang'onopang'ono, mogwirizana ndi milomo ya a Chagunda.

Sizinali zophweka. Zilembo zinakwerana, zina zinagwera kunja kwa chithunzi, ndipo anayambiranso kangapo thukuta lili kamukamu. Mkwati wina amene ankadikira kanema wake pakhomo anatopa, anang'ung'udza n'kunyamuka. Mwandida anamuona akupita, koma sanamuthamangire.

Atatha, anayatsanso kanema uja. Chithunzi cha mayi chinaoneka, atavala duku la amayi a Chigwirizano kutchalitchi, akuseka ndi diso limodzi lotsinzina chifukwa cha dzuwa. Zilembo zinayamba kubwera, ndipo chala cha mkulu chinazitsata.

"E, ne, le, si."

Anapuma. Dzina linali pomwepo. Anadikira kuti mwina lisungunuka monga kale, koma linangokhala pansi pa chithunzi, loyera, losasuntha. Pamenepo a Chagunda anatsitsa chala, nakonza kolala ya jekete, n'kulitchula lonse bwinobwino, ndi mawu amene munthu amaitanira mnzake ali m'chipinda china.

"Enelesi."

Misozi inatsika, ndipo sanaibise. Anatembenukira kwa Mwandida n'kunena kuti, "Andidikira."

Tsono inu amene mwamva, tonsefe tili ndi mawu okonzeratu. Tikafika pa siwa timati pepani, timati limbani mtima, timati zonse ndi Mulungu. Mawuwa si oipa. Anatisiyira ndi anzathu kuti tisasowe chonena pamene mtima wauma. Koma amene anawakonza sanamuone munthu amene wakhala pamaso panuyo, sadziwa mayendedwe a chisoni chake. Kumuona ndi ntchito yanu. Akulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pa maliro n'zoona kuposa pena paliponse. Mukapita kukapepesa mnzanu, mukanena pepani wanuyo musafulumire kusasa fumbi n'kunyamuka. Khalani kaye. Mwina mnzanuyo akadali pakati pa dzina.