Wamkulu Ndi Folo

Sukulu ya mkaka ija inali m'nyumba ya zipinda ziwiri, kuseri kwa malo otchajira mafoni. Mwini wake anthu anali ataiwala kale dzina lake lenileni, poti aliyense ankangoti Mayi Fulumirani. Dzinali sanalitole panjira. Ana akamavula nsapato pakhomo, iwo ankati fulumirani. Akamasamba m'manja, fulumirani. Ngakhale mwana ali pa kachimbudzi kake kapulasitiki, mayiwa ankaima pakhomo n'kumaomba m'manja. Anali munthu wabwino mtima, wokonda ana mosanamizira, kungoti Mulungu anawalenga opanda mabuleki.

Chipinda chakutsogolo, cha ana a zaka zinayi ndi zisanu, ankaphunzitsa okha. Chakumbuyo, cha tiana ta zaka zitatu, anasiyira mng'ono wawo, yemwe ana ankangomuitana kuti Anti. Awiriwa anatuluka m'mimba imodzi, koma ukawaona ungakane. Anti ankayenda ngati wasenza mazira. M'chipinda mwake munali chitini cha zitsekerero za mabotolo, zopanira zovala, makapu apulasitiki ndi beseni la mchenga. Tiana take tinkatha m'mawa wonse tikusankha zitsekerero, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Tinkafunira nsapato iliyonse inzake. Tinkapanira zopanira zitatu pachingwe, n'kuchotsapo chimodzi, n'kumadabwa kuti zatsala ziwiri. Nthawi ya tiyi, mwana mmodzi ankayenda ndi makapu, kupatsa mnzake aliyense kapu imodzi. Miyezi isanu inatha tisanadutse pa zisanu.

Vuto linabwera ndi sukulu yatsopano imene inatsegulidwa kutsidya kwa msewu, ya makoma opentedwa zithunzi ndi katungwe wachitsulo. Makolo anayamba kusuzumira kumeneko, ndipo ana angapo anapita osatsanzika n'komwe. Kenaka telala wa pakona, bambo wa kamtsikana kochenjera kwambiri m'chipinda chakutsogolo, ananena poyera kuti nayenso akuganiza zosamutsa mwana wake. Apa mtima wa Mayi Fulumirani unakwera m'mwamba. Makolo onse ankasoketsa mayunifomu kwa telalayo, ndipo pa benchi ya pa shopu yake m'pamene nkhani za sukulu zinkagamulidwa. Iye akanachotsa mwana, ena onse akanatsatira, ndipo sukulu imene mayiwa anaivutikira zaka khumi ndi ziwiri ikanatsekedwa.

"Ndiitana makolo kumapeto kwa mwezi," anauza mng'ono wawo tsiku lina ana ataweruka. "Ana anga awerenga mpaka handiredi. Tione ngati katungwe amawerenga."

"Handiredi, asisi? M'masabata atatu?"

"Atatu omwewo. Iwenso tiana takoto utikankhe tifikeko pa twente. Zitsekerero zakozo kataye. Makolo sabweretsa ana kuno kuti adzaphunzire kutola zinyalala."

Anti anapukuta kapu mwa chizolowezi chake, pang'onopang'ono. "Asisi, kuimba manambala n'kwina, kuwerenga zinthu n'kwinanso. Mwana akhudze kaye chinthu, adziwe kuti zitatu zimadzaza bwanji m'dzanja."

"Iwe ukanakhala mzamba, ana akanamabadwa ali ndi ndevu," anayankha mkulu wake, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anatemetsa nkhwangwa pamwala. Za chipinda chakumbuyo anangogamula kuti pa tsikulo chitseko chidzakhale chotseka, alendo asadzaone manyazi a ana olekezera pa zisanu.

Masabata atatu amenewo, anthu odzatchajitsa mafoni anaphunzira nawo masamu osalipira. Kuyambira m'mawa mpaka masana kunkangomveka wani, thuu, firii, folo, Mayi Fulumirani akumenya tebulo ndi rula kuti nyimbo isazilale. Ana anaikonda nyimboyo, poti ana amakonda chilichonse chowalola kukuwa. Ena ankaganiza kuti seveni-eyiti ndi dzina la munthu mmodzi, koma zimenezo panalibe nthawi yozifunsa.

Tsiku lija linafika. Makolo anadzaza chipinda chakutsogolo, atadzipinda pa timipando ta ana, mawondo ali kuchibwano. Telala ndi makolo ena anayi anakhala pa benchi yakutsogolo, iye tepi yake yoyezera ili m'khosi, poti ngakhale kuukwati ankapita nayo. Ana anaima pamzere atapakidwa mafuta mpaka kuwala. Rula itagunda tebulo, anauyamba. Anadutsa twente ngati akutsetsereka, anawoloka fifite osapuma, ndipo atafika pa handiredi anakuwa mpaka malata ananjenjemera. Makolo onse anaimirira. Nthungululu zinalira, m'manja munaombedwa, mayi wina wogulitsa makala analira misozi yeniyeni. Mayi Fulumirani chimwemwe chinadzaza tsaya.

Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma nthawi yomweyo pakhomo panafika makolo atatu ochedwa, ndipo mayiwa anaona mwayi woonjezera ulemerero.

"Mwana wa atelala, tabwera," anaitana mokweza kuti aliyense amve. "Apatse alendowa mipando firii."

Kamtsikana kaja kanagwira mpando woyamba n'kuyamba kuimba, wani, thuu, firii, folo, faifi, dzanja lili pa mpando womwewo. Kanaukokera kukhomo, kanabwerera, kanatenga wina, nyimbo ikupitirira. Anzake ataona kuti kwayamba masewera, analowerera onse. Makolo anali chiimire akuombabe m'manja, osadziwa kuti kumbuyo kwawo mipando ikusamuka. Dalaivala wina wa minibasi, munthu wathupi lake, anati akhale pansi, n'kupezeka ali chagada pasimenti, miyendo m'mwamba. Alendo atatu aja anazingidwa ndi mipando yoposa makumi awiri, osowa n'popondera pomwe.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo amene anaseka kwambiri anali dalaivala yemweyo. Telala yekha ndiye sanaseke msanga. Anaitana mwana wake, n'kumukhazika pamwendo.

"Tandiuza, mayi wanga. Folo ndi faifi, wamkulu ndani?"

"Folo," anayankha mwanayo mosakayika.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi amene anayamba kubadwa. Faifi ndi mng'ono wake."

Anthu anasekanso mpaka nthiti kuwawa, chifukwa yankholo linali ndi nzeru zake. Kwa mwana amene amamva tsiku lililonse kuti wobwera poyamba ndiye wamkulu, nanga akanati chiyani? Koma Mayi Fulumirani kuseka kunawakanika. Manyazi anawagwira, ndipo mantha anaposa manyaziwo, poona telala akupukusa mutu n'kuyang'ana pawindo, kutsidya kwa msewu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka khumi ndi ziwiri, anasowa womuuza kuti afulumire.

Apo m'pamene chitseko chakumbuyo chinatseguka. Anti sanabwere kudzapulumutsa munthu. Nthawi ya tiyi inali itakwana basi, ndipo tiana take sitinkadziwa za kudikira alendo. Tinatuluka pamzere, kutsogolo kuli kamtsikana kamasaya, mwana wa dalaivala uja, katanyamula makapu m'kabeseni.

"Poti alendo alipo, tiyambe ndi iwo," anatero Anti modekha. "Ona anthu ali pa benchi iyo. Akufunika makapu angati?"

Kamwanako kanapita pa benchi. Kanagwira bondo la munthu woyamba n'kuti mmodzi. Kanagwira la wachiwiri n'kuti awiri. Kanapitirira chomwecho osathamanga, mpaka kanafika pa bondo la telala n'kuti asanu. Kenaka kanayang'ana m'beseni, kanakhudza kapu iliyonse, n'kukweza nkhope kali kodandaula.

"Anti, makapu ndi atatu. Awiri samwa."

Kamwanako kanabwerera kumbuyo, kanatenga makapu awiri, osati atatu, osati khumi, n'kudzapereka kwa aliyense yake. Dalaivala anadumpha ngati si yemwe anagwa uja.

"Ameneyo ndi wanga! Mwamuona? Kondakitala wanga amalephera zimenezi!"

Telala anachotsa tepi m'khosi n'kuyamba kuipinda. "Mayi," anatero, "ine ntchito yanga ndi manambala. Tepi iyi ndikhoza kuiimba yonse pamtima, koma ndikapanda kuiika pathupi la munthu, ndimasoka thumba m'malo mwa diresi. Chuma chenicheni munachitsekera kumbuyo bwanji?"

Mayi Fulumirani anayang'ana mng'ono wawo, kenaka pansi. "Ndinkaopa kuti muona kuti tikuchedwa," anavomera ndi mawu ang'ono.

"Mwana wanga sapita kulikonse," anatero telala. "Koma Lolemba ndimupeze ali ndi zitsekerero m'manja. Mabatani otsala ndili nawo chitini chodzaza, ndibweretsa."

Wogulitsa makala analonjeza zingwe za matumba, zazitali ndi zazifupi, zoti ana azifananiza. Dalaivala analonjeza zitsekerero zonse za pa siteji. Tiyi anamwedwa anthu akusekabe, aliyense akufunsa mnzake kuti kwawo folo ndani, faifi ndani.

Lolemba m'mawa, anthu otchajitsa mafoni anadabwa kuti nyimbo ija yazima. Amene anasuzumira pawindo anaona zachilendo. Mayi Fulumirani anali atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, mwana wa telala ali patsogolo pawo ndi milu iwiri ya mabatani, wina wa anayi, wina wa asanu. Mwanayo ankaika batani la mulu uwu moyang'anizana ndi la mulu uwo, limodzilimodzi. Milomo ya mayiwa inkagwedera, liwu lija loti fulumirani likufuna kutuluka, koma mng'ono wawo anatsokomola ali pakhomo, iwo n'kulimeza. Potsiriza batani limodzi linatsala lopanda mnzake. Mwanayo analiyang'ana nthawi yaitali, kenaka nkhope yake inawala.

"Aphunzitsi! Faifi ndi mng'ono, koma wamuposa mkulu wake!"

Mayi Fulumirani anaseka mpaka misozi, akuyang'ana Anti. "Zimachitika, mwanawe," anatero. "Ngakhale m'nyumba muno zachitika."

Ana aja anafika pa handiredi m'masabata atatu, koma mipando itatu inawakanika. Tiana ta kumbuyo tinayenda miyezi isanu kuti tifike pa zisanu, ndipo zisanu zomwezo ndizo zinasunga sukulu. Akuluakulu sananame pamene anati kuthamanga sikufika.