Khansala Adzidandaulira Yekha

Padali mayi wina, Nachisale, amene ankathandiza anzake kulemba madandaulo pa tsamba la pa intaneti la khonsolo, mayina awo obisika. Tsiku lina Khansala Chimbalanga adamupeza akuyanika matewera.

"Mayi, wandinena za mjigo wakufa ndani? Nditchulireni, apo ayi benchi yanu kumsika muyiiwale."

"Pepani bwana, mayinawo amaonekera kwa wodandaula mnzawo yekha. Lembani ngati enawo, mudzitchule dzina, tsambalo likudziweni."

Khansala adalanda foni ya mayiyo n'kulemba kuti, "Mjigo udafa kalekale, khansala ali phee. Ndine Chimbalanga." Adatumiza n'kudikira, koma mayina osatuluka.

Pofika masana, mudzi wonse udali utawerenga. Amayi a m'mudzimo adamulonjera khansalayo ndi nthungululu: "Mwanena zoona, bwana! Ndiye mukonza liti?"

Lachisanu mjigo udalavula madzi. Benchi ya Nachisale ikadali pomwepo.