Ngodya Imene Virginia Sanaione

Ku Matero, m'nyumba ina ya lendi, munkakhala Virginia, mwamuna wake Enos, ndi Chrissie, mlongo wake wa Enosiyo. Akazi awiriwa ankabwereza mayeso a masamu a Giredi 12, poti sukulu ya unamwino simva misozi, imangofuna kirediti basi, osati kungokhoza chabe.

Virginia anali ndi kalikuleta, ndipo anali wachangu. Ukamupatsa saini ya ngodya yosadziwika, kungodina kamodzi, ngodya yatuluka. Chrissie ndiye anali wozizira. Ankajambula bwalo lozungulira pakhonde ndi khala n'kuligawa panayi, kumafufuza mbali imene saini ali pulasi ndi imene ali mainasi.

"Ba mulamu, mashini yakupasani 30 chabe," ankatero Chrissie. "Nanga 150? Nayo saini yake ni hafu."

Virginia ankaseka n'kuwonjezera yankholo. Zinkayenda bwino mpaka tsiku limene Enos, akuvula nsapato pakhomo, anaponya mawu: "Koma Chrissie ali na mutu! Ba Virginia, muzimumvelela uyu."

Ha! Nsanje inamugwira Virginia. Kalikuleta yake, fizi yolipira mwamuna wake, koma kutamandidwa kupite kwa mlamu? M'mawa anakolopa bwalo lija, mashini n'kutsekera m'chikwama.

"Aliyense aziphunzira payekha," anatero, nkhope ili gwa.

Chrissie sanakangane naye. Anakapeza Mwiche, mnzake wa ku komboni ya George, yemwenso anali ndi kalikuleta. Virginia anatsala m'chipinda, kudina ndi kulemba, yankho limodzilimodzi, popanda womufunsa kuti nanga linzake lili kuti. Mumtima ankati Chrissie aona.

Atatuluka m'mayeso, anamva Chrissie pageti akufunsa Mwiche mosangalala: "Ija ya kosaini wa mainasi, unalemba zonse ziwili? 120 na 240?"

Virginia anali atalemba 120 yokha, n'kutseka ndi mizere iwiri monyadira.

Zotsatira zitabwera, Chrissie anapeza kirediti. Virginia anaiphonya pang'ono penipeni, ndipo kuphonya pang'onoko ndiko kunamupweteka koposa. Tsiku lonyamuka Chrissie kupita kusukulu ya unamwino, Enos anapempha mkazi wake kuti asitire mlamu wake yunifolomu. Anasita, misozi ikugwera pansalu yoyerayo.

Ananena akulu, chala chimodzi sichiswa nsabwe.