Mtsikana Amene Anaumba Chilombo

Kale, mapiri asanapatsidwe mayina, kunali mudzi umene anthu ake sankayamikira kanthu. Mkazi akazira nyumba yake bwino, anzake ankadutsa maso ali pansi. Mwana akabadwa ankati, "Kaipa bwanji kamwanaka." Sikuti anali ouma mtima. M'phanga la phiri munkakhala Chitolazokoma, chilombo cha mitu itatu, ndipo chilichonse chimene munthu wanena kuchokera mumtima kuti n'chokongola, icho chinkabwera kudzachitenga.

M'mudzimo munali Tsalani, mtsikana woti akafunsidwa dzina ankayang'ana zala zakuphazi. Manyazi otere ine ndimawadziwa. Ankaumba ting'ombe tadothi kuseri kwa nkhokwe, n'kutiphwanya anthu asanatione.

Tsiku lina mkulu wake, Mwatitha, ankachokera kumtsinje atasenza mtsuko, madzi akutsikira m'masaya, akuseka yekha. Mawu anangomupulumuka Tsalani.

"Achemwali, mwakongola."

Kunawomba mphepo yonunkha ngati chikopa chonyowa. Fumbi litatsika, panatsala nkhata ndi mapale basi.

"Wandiphera mwana ndi pakamwa pakopo," anatero mayi ake.

Tsalani anatapa dothi la pachulu, n'kulikulunga m'masamba a nthochi, n'kuyamba kukwera phiri.

Panjira anapeza bilimankhwe atazingidwa ndi linthumbu, n'kumuchotsa ndi kamtengo.

"Zikomo, mwanawe. Ukupita kuti ndi matope?"

"Kukatenga achemwali. Ndikachiuza chilombocho kuti chitsa n'chokongola, mwina chikawasiya."

"Bodza chimalimva fungo," anatero bilimankhwe. "Icho kukongola sichikudziwa, chimangolanda zimene ena aona. Mawu ako akhale oona. Ndipo usathamange poyang'ana, uziyang'ana monga ndimayendera ine."

Anamukhudza pachipumi ndi mchira, ndipo khungu la Tsalani linasanduka lotuwa ngati mwala.

M'phangamo munali mikanda, ng'oma, mphasa zolukidwa mwaluso, zonse zili mulu umodzi zikuchita nkhungu. Mwatitha anakhala pakona, nkhope itafota. Mitu itatu ija inali pa mkangano.

"Chokongola n'chonyezimira," unatero wakumanzere.

"Ayi, n'chimene mbali zake n'zofanana," unatero wapakati.

"Zitsiru inu, n'chimene wina alibe," unatero wakumanja.

"Nanga uyu bwanji wasiya kukoma chifikireni muno?" unafunsa wapakati, ukuyang'ana Mwatitha.



Tsalani anatsamira khoma, osaoneka, n'kumasula dothi lake. Anayamba kuchiumba chilombocho. Poyamba ankangoona mano achikasu ndi njerewere. Koma dothi silivomera munthu wongoyang'ana mwachidule. Anayang'ananso, n'kuyang'ananso. Atafika pa khosi lapakati, chala chake chinaima. Khosilo linkakhota ngati mtsinje m'dambo.

"Khosi lapakatilo ndi lokongola," anatero, ndipo khungu lake linabwerera mwakale.

Chilombo chinanunkhiza. Bodza panalibe.

"Langa!" inakuwa mitu ya m'mbali ija, n'kulumphira khosilo. Inalikoka uku ndi uku mpaka linaduka, mutu n'kugubuduka kutsika phiri.

Tsalani anapitiriza kuumba. Mitu iwiri inamuweramira, dovu likugwera pamapazi ake, iye n'kuona diso la mutu wakumanzere litawala ndi dzuwa lolowera pakhomo la phanga.

"Diso ilo likunga uchi. Ndi lokongola."

Mutu wakumanja sunadikire. Unameza mnzake, diso ndi zonse.

"Ndatsala ndekha, kamtsikana iwe," unatero. "Palibenso wondilanda. Tandiyankha ndisanakudye: kukongola n'kwa ndani?"

"Sindikudziwa, bambo," anatero Tsalani motsitsa. "Ine ndimangoona. Mamba a pachifuwa panuwo ayalana ngati nthenga za nkhanga. Ndi okongola kwambiri."

Chilombo chinayesa kudziletsa. Chinaluma milomo, chinabisa zikhadabo kumsana, koma chibadwa chake chinachiposa. Chinazika zikhadabo pachifuwa pake, n'kung'amba, mtima n'kutuluka nawo. Chitagwa, phiri linagwedezeka.

Mwatitha anadzuka, n'kuyang'ana mtembowo.

"Iwe, unaonadi zokongola pa chinthu chimenechi?"

"Eya. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali."

"Ndiye ine unandiyang'ana nthawi yaitali bwanji?"

Mwatitha anaseka, ndipo nkhope yake inabwerera mwakale.

Mudzi wonse unawachingamira ndi nthungululu. Amuna anatsitsa ng'oma zija m'phanga, amayi n'kumakanganirana Tsalani kuti akawajambulire makoma. Iye anangoima, chilombo chadothi atachibisa kumsana, akufuna pochiphwanyira.

Mayi ake anamugwira dzanja, n'kuchitenga. Anachitembenuza pang'onopang'ono, chala chikutsata khosi lija. Mwachizolowezi anayang'ana kuphiri. Kenako anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Chakongola, mwanangu."

Anthu anadikira mphepo. Sinabwere.